AMukhova Ankayamba Buku Kumapeto

Sunthirani kuno nonse. Inu mwakhala kunthochiko, bwerani pansi pa mpeyala pano, mawu anga safikanso patali. Chiliza tachiona, nyimbo tayimba, kalongonda mwadya. Tsopano mundimvere ine, chifukwa m'mawa uja tikuchokera kumanda ndamva pakamwa pena pakunong'ona kumbuyo kwanga kuti, "Komatu malemuwa anali ndi njiru, anatsala pang'ono kumulepheretsa sukulu mwana wa aEsinati." Mwini pakamwapo ndamudziwa, sindimutchula. Koma munthu wangotha chaka chimodzi m'dothi, mwayamba kale kumupotoza? Ine ndikadali ndi mpweya zimenezo sizitheka.

AMukhova anali alamu anga, anakwatira achemwali anga aakulu aDelifa. Ine kusukulu sindinapondeko, cholembera ndimangochiona m'manja mwa anzanga. Koma maso ndili nawo, ndipo bamboyu ndinamuona kuyambira tsitsi lili bii mpaka lonse litachita mbuu.

Ana inu mumawadziwa ndi dzina loti aWakuuzandani. Dzinalo silinagwe kumwamba. Ukawapeza pakhonde n'kunena kuti, "Alamu, akuti chaka chino mvula ichedwa," ankatsitsa magalasi mpaka pansonga ya mphuno.

"Akuti ndani?"

"Anthu."

"Anthu ake ati? Alibe mayina? Iwowo aona chiyani?"

Pofika funso lachinayi nkhani yako yauma ngati tiyi wotuluka m'fakitale. Miseche yonse ya m'mudzi muno inkafera pakhonde lawo, n'chifukwa chake ena a inu munkalambalala podzera kudimba. Iwo ankati liwu loti "akuti" lili ngati mbuzi yopanda mwini: imadya m'munda mwa aliyense, koma pa mlandu palibe woyiyankhira.

Ngakhale kuchipatala cha mishoni, masiku awo omaliza, khalidwe silinawachoke. Namwino wina wachifundo anawauza kuti, "Agogo, musadandaule, mawa mudzuka muli bwino." Iwo, mpweya ukuvuta chomwecho, anamukodola ndi chala. Mtsikanayo anawerama kuganiza kuti akufuna madzi. Ati, "Wakuuza ndani?" Tinaseka misozi ili m'masaya. Anapita tsiku lachitatu lake.

Ntchito anayamba monga tonsefe, dengu kumsana, kuthyola tiyi pa esiteti, mame mpaka m'chiuno. Koma iwo anafikako sitandade sikisi yakale ija, ndipo dzanja lawo polemba linali loyera. Tsono akatswiri ofufuza zomera ndi tizilombo akabwera, akapitawo ankati, "Tengani Mukhova akuperekezeni." Anawanyamulira zikwama zaka zambiri, azungu ndi akuda omwe, m'tiyi, m'makhwawa, m'nkhalango. Wina akanangophunzirako kupempha ndudu. Iwo anaba ntchito yonse ndi maso.

Anapala matabwa awiri. Tsamba lililonse lachilendo ankaliyala pakati pa nyuzi zakale, nyuzizo pakati pa matabwa, pamwamba n'kutsindika mwala. Mwalawo unali mphero ya achemwali anga. Nkhondo ya mphero imeneyo inatha zaka. ADelifa akafuna kupera mawere ankapeza mphero yawo yakhalira masamba a kutchire, ndipo mudzi wonse unkamva. "Ndinakwatiwa ndi munthu kapena ndi mbozi? Masamba, masamba, masamba!" Alamu ankangoti, "Mayi, mawa ndikubwezerani." Mpaka aDelifa anakasema mphero ina.

Tsamba likauma ankalilembera kapepala, ndipo ankandiwerengera kuti ndiwakonze akalakwitsa dzina. Pamwamba dzina lathu, la Chinyanja kapena la Chilomwe. Kenako dzina lachilendo lija la akatswiri, pansi pake n'kudula mzere, ati kuti aliyense adziwe kuti ameneyu ndi mlendo m'chiganizo. Ndiye malo, mtengo umene chomeracho chayandikana nawo, tsiku, amene watola. Pomaliza penipeni, amene wanena dzinalo. Ankalemba ndi pensulo basi, yomangirira chingwe pa batani la malaya. Ati inki ndi yamantha, chiperoni chikangoipumira imathawa papepala.

Kutchalitchi nakonso anayambanako ndi anthu. Mukudziwa kwathu kwa Sabata, munthu ukati "kwalembedwa" uyenera kutchula buku, chaputala ndi vesi, apo ayi anthu amakuyang'ana m'mbali. Tsiku lina mkulu wa mpingo wina, naye anatisiya, akuphunzitsa za zakudya anati, "Asayansi apeza kuti…" Dzanja la aMukhova linali kale m'mwamba. "Akulu, asayansi ake ati? Buku liti, tsamba lanji? Paulo mumamutchula ndi vesi lomwe, nanga awawa alibe vesi?" Anawaimitsa kuphunzitsa kalasi miyezi itatu. Iwo Sabata lililonse ankabwerabe, n'kukhala benchi loyamba, pensulo ili lende.

Tsopano ndifike pa nkhani imene mukuwanenera njiru.

Lameki mukumudziwa, uyo wakhala apoyo wavala tayi. Usaweramitse mutu, mwanawe, nkhaniyi unandilola wekha kuti ndiziinena. Amayi ake, aEsinati aja, anamulera okha, bambo ake atamwalira. Chilimwe ankathyola tiyi, dzinja ankazula bowa n'kukagulitsa pa Khonjeni. Bowa ameneyo ndiye anagula yunifolomu. Mwana anakhoza, anapita ku koleji kutauni kukaphunzira za zamoyo, anamaliza, n'kubwereranso kukatenga digiri yachiwiri. Kumeneko anamuuza kuti alembe buku lakelake la kafukufuku. Iye anasankha kulemba za bowa wa kwathu kuno.

Madzinja awiri tinayenda naye. Tinalipo amayi anayi: aEsinati, aDelifa, ine, ndi Abiti Juma, mayi wachisilamu wa geni pa Khonjeni amene bowa ankamudziwa kuposa tonsefe. Tinamusonyeza utale wa pachulu, manyame, chipindi, ndelema. Tinamuuza wodyedwa ndi wakupha, woyamba ndi mvula ndi wotsiriza, wofutsa ndi wosafutsika. AMukhova ndiwo ankayanika bowa aliyense, kumupatsa nambala, kumuika m'bokosi, n'kulemba zonse m'makope awo. Mabokosi ndi makope zinkakhala kunyumba kwawo m'kabati yokiya, chifukwa kwa aEsinati denga linkadontha. Ndipo dziwani ichi: oyesa mayeso ku koleji sakanalandira buku popanda mabokosi ndi makope amenewo, poti ndiwo umboni woti mwana sanalote.

Nthawi yonseyo alamu ankamusula mnyamatayo polemba. Ankamuuza kuti asalembe "bowa wambiri," awerenge anene kuti angati. Zimene waona ndi maso ake aziike pazokha, zimene wamva pazokha, zimene akungoganiza pazokha, monga wothyola wabwino saphatikiza masamba awiri ndi kansonga ndi makoko okhwima m'dengu limodzi. Chiganizo chikamuthera mpweya powerenga, achidule pakati. Mawu aakulu osawadziwa bwino ndi jekete yobwereka, manja amalendewera. Ndipo pamene sakudziwa, alembe kuti sakudziwa.

Tsiku linafika, Lamulungu lina, Lameki anabwera ndi buku lomata bwino, lotsala kungolipereka. AEsinati anapha nkhuku ziwiri. Tinasonkhana pabwalo pawo, nthungululu zili pakamwa. Mwana anagwada n'kupereka bukulo kwa aMukhova ndi manja awiri.

Alamu buku lililonse ankaliyamba kumapeto. Ankati kumeneko ndiko kumakhala makolo a buku, mndandanda wa anthu amene wolembayo watapako nzeru, ndipo munthu usanamukhulupirire umayamba wafunsa kwawo. Anatembenuza, anatsitsa magalasi, chala chikuyenda. Tsamba loyamba. Lachiwiri. Lachitatu. Kenako anaimirira n'kuyamba kuwerenga mokweza mayina othyola lilime aja, limodzilimodzi. Akatchula dzina ankayang'ana bwalo lonse.

"Alipo pano ameneyu? Aimirire timuone."

Palibe anaimirira.

Anatchula lina. "Nanga uyu? Anazulapo bowa ku Nsabwe? Anayamba walumidwapo ndi linthumbu pachulu?"

Anthu anayamba kuseka, kuyesa nthabwala. Koma ine nkhope ya alamu ndinkaidziwa.

"Lameki, amayi ako ali tsamba liti?"

Mwana anatenga buku, anatsegula pakati, analoza. AMukhova anawerenga Chingerezicho n'kutimasulira. "Apa palembedwa kuti, anthu a m'deralo amati. Apanso, anthu a m'deralo amati. AEsinati, imirirani anthu akuoneni. Dzina lanu latsopano ndinu Anthu a M'deralo."

Lameki anati, "Bambo, mndandandawo ndi wa anthu amene analemba mabuku. Amayi sanalembepo kanthu. Aphunzitsi anga anati mayina a kumudzi amangotalikitsa nkhani."

"Mwana iwe, usandiphunzitse ntchito imene ndinaigwira usanabadwe. Ndinaona ndi maso angawa katswiri wina akutchula mnzake m'buku chifukwa cha mawu amene anauzana pakhonde akumwa tiyi. Tiyiyo ndinkathira ndine. Analemba dzina, chaka, n'kuti anandiuza pakamwa. Njira ilipo. Kapena pakamwa pa iwowo pali chidindo, pa amayi ako palibe?"

Anatseka buku, analibweza ndi manja awiri monga analilandirira. "Mabokosi ndi makope sizituluka m'kabati mwanga. Upite kwa mayi aliyense, umuwerengere mzere ndi mzere, ufunse kuti ananena izi ndani. Aliyense umupemphe ngati akufuna dzina lake lilembedwe. Ukatero ubwere udzatenge kiyi." Nkhuku sanadye. Anatenga chipewa, ulendo.

Masiku operekera buku anali atatsala ochepa, ndipo ntchito ankanenayo inali ya miyezi, poti Abiti Juma anali atapita kwa mwana wawo kutali. Lameki anachonderera, analira, anatukwana. Kabati sinatseguke. Tsiku linadutsa. Anzake anavala mikanjo chaka chimenecho, iye ayi.

Mudzi uno unawatembenukira alamu anga, ndipo ambiri mwa otembenukawo muli pompano mukundiyang'ana. Kutchalitchi benchi lawo linkakhala la iwo okha. Wina anawagwetsera nthochi zisanu ndi chikwanje. Achemwali anga enieniwo anaphika ndiwo zopanda mchere sabata yathunthu. Amuna pamsika ankati, "Mdala wa sitandade sikisi wachita nsanje ndi digiri."

AEsinati anapita okha kukagwada pakhonde paja, ine ndilipo. "Bambo Mukhova, dzina langa ndidya? Ine zolemba sindiziona. Mwana alandire pepala lake, ndipume dengu."

Alamu anatsika pampando n'kukhala pansi, kuti maso alingane. "Mayi, dzina ndi lanu. Mukalikana, palibe adzalilembe, ndipo ine ndidzakhala woyamba kukutetezani. Koma akufunseni kaye. Asakukanireni ena ali kutauni. Chinanso, bukuli likunena za chakudya cholowa m'mimba mwa anthu. Pakapezeka cholakwa, adzakafunsa ndani? Anthu a m'deralo amakhala nyumba iti?"

AEsinati anachoka akulira. Inenso, ndisaname, ndinawakalipira. "Alamu, mtima wanu ndi mphero yomweyo munaba ija."

Alamu anatenga mapepala amene Lameki anawasiyira kale, anatsegula, n'kundimasulira ndime ina. Inkanena za kafutsidwe ka manyame: kuti suwatsuka usanayanike, umangowapukuta, ndipo umayanika pa thandala osati pansi. Anali mawu anga enieni. Ndinamuuza Lameki tili pa mtsinje, ndipo ine anandiphunzitsa ndi amayi anga, amene anawatenga kwa amayi awo kuja anachokera kuseri kwa phiri. Mawu anga atavala jekete, akuyenda m'tauni, ine mwiniwake atandisiya pakhomo ngati galu. Kuyambira tsiku limenelo Sabata lililonse ndinkakakhala pa benchi lija pambali pa alamu, ngakhale ndi mbali ya abambo. Amene munandiseka, ndikukukumbukani.

Mvula itagwanso Lameki anabwera, nkhope ili gwa, moni wa m'mano. Anayamba ndi ine, kenako aDelifa, kenako Abiti Juma amene anali atabwerako. Pomaliza anakhala ndi amayi ake pakhonde la aMukhova, tonse tilipo, akuwerenga mzere n'kufunsa mwini wake. Anafika pa ndelema. Buku linkati ndelema amadyedwa, amamera m'nkhalango, ndipo pambali panali chithunzi.

AEsinati anachigwira chithunzicho, anachitalikitsa, anachiyandikitsa. "Uyu unamujambula kuti?"

"M'nkhalango, amayi."

"Nkhalango yake iti?"

Lameki sanakumbuke. AMukhova analowa m'nyumba, tinamva kabati ikulira, anatuluka ndi kope limodzi. Anafunsa nambala ya pansi pa chithunzi, anaipeza, anawerenga. "Pansi pa paini wa esiteti. Watola, Lameki. Wanena dzina…" Anatembenuza kope kuti mwana aone yekha. Pamenepo panali posalemba.

AEsinati anaika manja kumutu. "Mayo ine! Ndinakuuza ndelema wa pansi pa msuku! Uyu wa pansi pa mitengo yachilendo amangofanana naye, sitimukhudza n'komwe. Ameneyu amatseka nyumba yonse tsiku limodzi!"

Mwana anali atamutola yekha tsiku lina ife kulibe, anamuona kufanana, n'kumupatsa dzina yekha. Polemba anaphatikiza mawu a amayi ake ndi chithunzi chake, zonse n'kuzifunditsa bulangete limodzi lija la anthu a m'deralo. Bukulo likanatuluka, likanakhala pa shelefu, wina n'kudzakoperamo, winanso n'kukopera kwa ameneyo, mpaka tsiku lina mayi wina n'kudzaphikira ana ake.

Alamu anafunsa, osakweza mawu, "Wakuuza ndani kuti uyu ndi ndelema?"

Lameki anati, "Palibe, bambo."

Alamu anamasula kiyi pa chingwe chomwe chija cha pensulo, n'kumupatsa.

Musaganize kuti alamu ankadziwiratu za chithunzicho. Ndinawafunsa, anati sanachizindikire, maso awo pa bowa sankafika a aEsinati. Iwo ankangodziwa kuti mawu opanda mwini amabisa zinthu. Ndiye inu mukuti njiru. Njiru yake iti yopulumutsa mwana wa mnzako ku mlandu wa maliro?

Lameki anabwerera kwa aphunzitsi ake ndi chithunzi chija m'manja, ndipo za kutalika kwa mayina sizinamvekenso. Chaka chotsatira anavala mkanjo. Lero akuphunzitsa ena, ndipo ndamva kwa mkazi wake, onani ndatchula wondiuza, kuti ophunzira ake amadandaula poti mapepala awo amabwerako atalembedwa funso limodzi lomwelo m'mbali monse.

AEsinati anavomera dzina lawo. Dengu anatula. Buku lawo amalisunga m'sutikesi pamodzi ndi zovala za Sabata, ndipo akabwera mlendo amalitulutsa asanatulutse madzi akumwa.

Abiti Juma anakana. Anati, "Mulembe dzina langa ndi malo anga kuti a Khonjeni onse azinditsata kutchire? Bowa wanga ndimudyere kuti?" Alamu anaseka mpaka kutsokomola, n'kumuuza Lameki kuti alembe zoti ndi mayi wina amene anapempha kuti dzina lake ndi malo ake zisungidwe. Abiti Juma anamwalira osaululira munthu chulu chawo.

Achemwali anga aDelifa anatsogola zaka zitatu zapitazo. Dzina lawo lilimo kanayi, ndipo mpaka kufa ankandinyaditsa poti langa lilimo katatu.

Langalo ndimalidziwa. Kuwerenga sinditha, koma ndipatseni bukulo muone ngati chala changa chiphonye. Eneresi Namaona, Kapichi, anandiuza pakamwa. Ndinauza Lameki awonjezere kuti ndinaphunzira kwa amayi anga, ndipo anawonjezera.

Mukamapita, dzerani pakhonde la alamu. Mpando wawo wachingwe uli pomwepo, palibe amaukhalira. Pensulo ili pamsomali ndi chingwe chake, yatsala ngati chala cha mwana. Matabwa awiri aja ali pakona, mphero ya aDelifa ili pamwamba. Dzulo tikusesa tinainyamula. Pakati pa nyuzi tinapeza tsamba limodzi, lomaliza kutola asanagone, louma bwinobwino, ndi kapepala kake. Lameki anandiwerengera. Malo alembapo. Tsiku alembapo. Wotola, Mukhova. Pa dzina palibe kanthu, ndipo pansi pake alemba timawu tiwiri: sindikudziwa, ndifunse.

Tinabwezeramo, mwala n'kutsindikanso. Amene akulidziwa tsambalo abwere anene, timulembe dzina lake ndi tsiku. Koma wina asayerekeze kudzazapo za m'mutu mwake. Ine ndili pano, ndipo funso lija ndinalisunga.